Mtambo Tinaumva, Tsopano Dzatengeni Amuna Anu

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana. Kaya mwendo wa amayi uli bwanji masiku ano, kutupa kuja kunaphwa? Nanga inu, mutu uja unasiya kukuvutani? Ine kuno ndili moyo, kudwala ayi, koma ndikati ndili bwino ndiye kuti ndanama. Ndikulemba kalatayi nditakhala pansi, pepala lili pabondo, chifukwa pabedi panga pagona amuna anu.

Musadzidzimuke, sanafe, ndipo pakamwa pawo pali bwinobwino. Koma nkhani yake ndi yaitali, ndiye pezani pokhala. Ndikanatha kukuimbirani pa lamya ya ku ofesi, koma lamyayo ili pakhonde pomwe aliyense amamva, ndipo ndimadzidziwa ndekha, ndikanayamba kukalipa.

Ndiyambe ndi kukufotokozeraninso za ntchito yanga, chifukwa ndaona kuti zomwe ndinakuuzani ulendo watha simunazisunge. Mukanazisunga simukanawatuma alamu kuno pa galimoto. Kuno kuchigwa kuli chimbale chachitsulo, kukula kwake ngati bwalo la mpira, chopenya kumwamba. Sichiulutsa mawu, sichijambula anthu, ntchito yake ndi kumvetsera basi. Pakati pa nyenyezi za mu Mlalang'amba, pamene maso amangoona mdima, pali mitambo ya mpweya wotchedwa haidrojeni. Si mitambo ya mvula, ndiye muwauze amalume asiye kundifunsa tsiku lodzala. Ndi mpweya wozizira, wopyapyala, wosaoneka, koma umatulutsa kafunde ka wailesi kotalika ngati chikhatho chotambasula. Kafundeko pofika kuno kamakhala katayenda zaka zikwizikwi, katatopa, kakungonong'ona. Ine ndimatembenuza chimbalecho kuti chiloze komwe akatswiri akufuna, nkumayang'anira pakompyuta kuti kunong'onako kukulembedwa bwino. Mmene hutala amasinthira kamvekedwe galimoto ikamabwera ndi ikamapita, momwemonso ife timadziwa ngati mtambo ukutiyandikira kapena ukutithawa.

Tsono khutu lomva zonong'ona zotere, chilichonse cha pafupi chimaligonthetsa. Nchifukwa chake foni yanga imagona m'bokosi lachitsulo kugeti, si kuti ndayamba kunyada monga amanenera azakhali. Magalimoto a petulo salowa kuno, chifukwa mapulagi ake amathetheka, ndipo kuthetheka kulikonse chimbale chimakumva ngati mfuti. Timayendera a dizilo okha. Mbendera yofiira ikakwera pamtengo wa pa ofesi ndiye kuti chimbale chikumvetsera, aliyense asamale. Wophwanya lamulo amalandira kalata yomuchenjeza, ndipo yachitatu ndi yoti alongedze katundu. Zolakwa za mlendo amazilemba pa mwini nyumba. Ine ndinali ndidakali m'miyezi yondiyesa, achemwali, pa ntchito yomwe ndinaiwerengera mabuku mpaka maso kuwonongeka.

Kuno kuli mayi wina wachikulire, katswiri wa mitamboyi, tonse timangowatchula kuti Adokotala. Iwowa akhala akutsata mtambo umodzi kuyambira ine ndisanamere ndevu. Mtambowo ukugwera mu Mlalang'amba kuchokera kunja, ndipo chomwe iwo akufuna ndi mchira wake, mpweya womwe ukutsalira m'mbuyo pamene ukugwapo. Mchirawo umanong'ona motsitsa kuposa mtambo weniweniwo. Chimbalechi anthu amachilimbirana, munthu amapempha chaka chino nkudzapatsidwa maola ochepa chaka chamawa, ndipo Adokotala akupuma pantchito chaka chino chikamatha. Maola awowo anagwera pa shifiti yanga. Tsiku limenelo ndinasita malaya, ngakhale mtambo suona malaya.

Tinayamba bwino m'mawa. Chipinda chathu chilibe mawindo, makoma ake anawakuta ndi chitsulo kuti makompyuta athu omwe asasokoneze chimbale. Mzere wa pakompyuta unali utayamba kutukuka pang'ono pakati, momwe umachitira mtambo ukayamba kumveka, Adokotala atagwira kapu ya tiyi osamwa. Mwadzidzidzi mzere wonse unasanduka mano a chipeso. Ndinayesa makina afa. Ndinazimitsa ichi, kuyatsa icho, thukuta lili kamukamu. Kenaka mlonda anagogoda, akupuma wefuwefu, nati kunja kuli mlendo wanga.

Achemwali, chiphapha chawo cha petulo chija chinali chitaima pansi penipeni pa chimbale, injini ikulira, utsi uli tolotolo, alamu atatulutsa mutu pawindo akuliza hutala nkumaitana dzina langa la paubwana. Akuti anapeza mlonda atapita kuseri, ndiye poti chitsulo cha pageti nchopepuka anangochinyamula okha kuti asavutitse munthu. Zikwangwani za mumsewu anaziona zonse, koma akuti anaganiza kuti nza alendo, osati achibale. Anandikumbatira pamaso pa Adokotala, nkulengeza kuti ndaonda, nkutulutsa bulangete lomwe munawapatsira. Bulangetelo ndalandira, zikomo, ndi lofunda. Kalata yoyamba yondichenjeza ndinailandira madzulo a tsiku lomwelo.

Chiphaphacho tinachikankhira kuseri kwa nyumba yanga nkuchotsa waya wa batire. Bwana woyang'anira malo ano anati sichilizidwanso mpaka tsiku lokonza chimbale, lomwe limabwera kamodzi pamwezi, mbendera ikatsika. Ndinapempha kuti achikoke ndi galimoto ya pantchito, anati lamulo silola kukoka katundu wa munthu. Kuchokera kunyumba za antchito kukafika kugeti ndi kutali, woyenda pansi amafika atamva ludzu. Ndinawapempha alamu kuti akwere basi, galimoto idzawatsatira. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti asiye mwana pamsika. Inu mukudziwa bwino kuti m'banja mwanu muli akazi awiri, ndipo wamkulu ndi wa matayala.

Tsiku lokonza litafika ndinadzuka mtima uli mbee, ndikuti lero ndipumula. Alamu kulibe. Anali atakwera galimoto ya wophika wathu kupita kutauni, ati kukamuthandiza kusankha paipi ya sinki, chifukwa wophikayo akanagula yolakwika. Anabwerako dzuwa litapendeka, mbendera ili m'mwamba kale, paipi ili paphewa, akuseka. Mwezi wina unayambira pamenepo.

Kukhala nawo sindinena zambiri, inu ndinu mwini wake, ndipo tsopano ndimakulemekezani kuposa kale. Amadzuka tambala asanaganize zolira nkuyamba kuimba. Mpando wanga wogwedera anaukonza, tsopano sugwedera koma ndi waufupi. Mabuku anga anawasanja potengera kutalika kwake. Chomwe chimandipweteka kwambiri nchoti chigwa chonse chimawakonda. Wophika amawasungira nyama ya pafupa, mlonda yemwe anamulowetsa m'mavuto uja amawatcha achimwene, ndipo namwino wa pachipatala chathu chaching'ono anandifunsa chifukwa chake ine sindisangalala ngati iwo. Ine ndakhala kuno nthawi yonseyi palibe anandisungirapo fupa.

Tsopano imvani za dimba. Kuseri kwa nyumba ndili ndi kadimba ka kabichi ndi anyezi, ndipo nungu inali itandizolowera. Ndinadandaula kamodzi, kamodzi kokha, tikumwa tiyi. Alamu anamva. Mumtima mwawo anali akusakasaka njira yondipepesera pa za hutala zija, ndipo anaipeza. Ine ndili kuntchito anasolola koyilo ya m'galimoto mwawo, ija imapereka moto ku mapulagi, nkuilumikiza ku batire ndi ku waya womwe anazunguliza dimba lonse. Anaikaponso kachipangizo ka maindiketa kuti moto uzidutsa modukiza, the, the, the. Wayayo anamubisa bwino mu udzu kuti ndidzadabwe ndikadzaona kabichi akunenepa.

Adokotala anali atapatsidwanso maola ena, atachita kupempha chogwada. Titangoloza chimbale, mzere unayamba kudumpha ngati kugunda kwa mtima, osaphonya. Kumwambaku kuli nyenyezi zina zakufa zomwe zimagunda choncho, ndipo ndisabise, ine ndinaimirira, ndikuona kale dzina langa m'mabuku. Adokotala anangoti titembenuzire chimbale kwina. Tinatembenuza, kugunda kuli pomwepo. Tinatembenuzanso, chimodzimodzi. Anavula magalasi nkunena motsitsa kuti nyenyezi imeneyi ili pansi pompano.

Tili ndi bambo wina yemwe ntchito yake ndi kusaka phokoso lotere. Amayenda pa galimoto yodzaza tinyanga ta wailesi padenga, timamutcha Mlenje, ndipo saseka. Mlenje anasaka nyumba ndi nyumba, ine ndikumunyamulira zipangizo, ndikutukwana mokweza chitsiru chomwe chachita zimenezi. Tinyangato tinatitsogolera pang'onopang'ono, kudutsa kwa namwino, kudutsa kwa wophika, mpaka pa kabichi wanga. Mlenje anawerama kuti aonetsetse, nagwira waya. Abale inu, ndinamva mawu omwe sindinkadziwa kuti bambo wopemphera uja amawadziwa. Alamu anatuluka m'nyumba akupukuta m'manja, nkhope ili ngwee, nkutifunsa ngati taona kuti nungu sinabwerenso.

Kalata yachiwiri bwana anandipatsa pamanja, ataimirira. Anati koyilo ikhala mu kabati ya Mlenje mpaka m'mawa wa tsiku lokonza lotsatira. Tsiku limenelo dzuwa likalowa chiphapha chidakali m'chigwa, ndilongedze. Phokoso lina lililonse likachokera kwa ine kapena kwa mlendo wanga, ndilongedze. Anandiuzanso kuti maola otsiriza a Adokotala awaika masana a tsiku lomwelo, okonza akangomaliza, chifukwa pena paliponse panali podzaza. Akalephera pamenepo ndiye basi, apuma pantchito mchira wa mtambo wawo osaumva.

Madzulo amenewo ndinalankhula, achemwali, ndipo sindinasankhe mawu. Ndinawauza alamu kuti chilichonse chomwe agwira chimalira, kuti sindinawaitane, kuti ndikachotsedwa ntchito adzandisunga ndi iwo, ndizidzagona m'chiphapha chawocho. Ndinanenanso kuti inu ndinu munthu wopirira kwambiri padziko lapansi, ndipo sindinanene moyamikira. Ndinkadikira kuti aseke monga amachitira. Sanaseke. Anatola mbale, anakatsuka, anapukuta, nkukakhala pakhonde. Munthu wolongolola uja atakhala chete, nyumba inandikulira, ndipo zinandikwiyitsanso kuti wolakwiridwa ndine koma womva chisoni ndinenso.

M'mawa mwake Adokotala anabwera kunyumba nkunena kuti akufuna kuona munthu yemwe anapanga nyenyezi ndi zitsulo za galimoto. Ine ndinati awakalipira, ndipo ndinakonzeka kusangalala. M'malo mwake anawatenga kupita nawo m'chipinda chathu chija, nkuwaveka zomvera m'makutu kuti amve zomwe chimbale chimamva. Alamu anamvetsera nkunena kuti akungomva tayala likuphwa. Adokotala anati eya, ndi momwemo, ndipo mkati mwa kuphwako muli mawu a mtambo, koma kuti aoneke timaunjika phokosolo maola ndi maola mpaka zopanda pake zitafafanizana zokha, kutsala kaphiri kakang'ono pamzere. Anawaonetsa kaphiri ka tsiku la hutala, katangoyamba kumera, ndi chipeso chomwe chinakagwera.

Alamu anafunsa kuti mawuwo ananyamuka liti kumeneko. Anauzidwa kuti ndi kalekale, anthu asanayambe kusula chitsulo. Kenaka anati iwo akamamvetsera injini yodwala amaika sikuludiraiva pakhutu, ndipo amathamangitsa aliyense m'galaja, ngakhale inu amene mutabwera ndi tiyi, chifukwa kachitsulo kolakwika kamalira pansipansi. Anafunsa ngati ndiye kuti iwo akhala ali munthu womenya hamala pambali pa womvetsera. Adokotala sanathire shuga, anati inde, kawiri konse. Alamu anavula zomverazo mosamala nkuziika patebulo ndi manja awiri.

Masiku otsatirawo anali ofatsa moti ndinayamba kuchita mantha. Ankayenda monyang'ama m'nyumba, ngakhale ndinawauza kuti chimbale sichimva mapazi. Asanayatse getsi ankandifunsa. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo akuyang'ana chimbale chikutembenuka, chipewa chili pabondo ngati ali pamaliro.

Tsiku lija linafika. Mbendera inatsika m'mawa, Mlenje anabweretsa koyilo, alamu anaimanga msangamsanga, injini inalira kamodzi nkuizimitsa. Ndinawagwira mapewa nkuwauza kuti anyamuke pompo, osati kenaka, osati akamwa tiyi, pompo. Anati asambe m'manja basi. Tinatsanzikana, ndinawapatsa moni wanu ndi wa amayi, ine nkupita kukakonzekera. Chitseko chachitsulo chitatsekeka, za kunja sindinazidziwenso. Zomwe ndikuuzeni apazi ndinachita kumva kwa wophika ndi mlonda.

Amuna anu sangachoke pamalo osatsanzika. Anapita kwa wophika, kunali tiyi, komanso wilibala ya wophikayo inali ndi tayala lokhota. Anapita kwa namwino, kunali tiyi. Anapita ngakhale kwa Mlenje kukapepesa za waya uja, nkupeza chitseko cha mkazi wake chikukhula pansi. Pomwe ankabwerera kuchiphapha, nkukhala pampando, nkulowetsa kiyi, dzuwa linali pamutu. Anakweza maso, mbendera yofiira ili petupetu pamtengo.

Taganizani pomwe anandifikitsa, achemwali. Akaliza injini, mapulagi athetheka, mtambo wa Adokotala wapita, ine ndalongedza. Akakhala osaliza, dzuwa lilowa chiphapha chili m'chigwa, ine ndalongedzabe. Zonsezi chifukwa cha tiyi ndi wilibala! Ndikamaganiza ngakhale panopa m'mutu mumatentha.

Wophika akuti ankawaona pawindo la kukhitchini. Anakhala nthawi yaitali dzanja lili pa kiyi. Kenaka anasolola kiyiyo, anaiika m'thumba, anatsika, anavula jekete nkuiponya pampando. Anamasula buleki, anasiya chitseko chotsegula, dzanja limodzi pachiwongolero, phewa pachitsulo cha chitseko, nkuyamba kukankha.

Msewu wake ndi wa miyala, ndipo masana kuno dzuwa limawotcha ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Wophika anawathamangira kuti adikire aphule kaye miphika, iwo anangopukusa mutu, nkuika chala pakamwa, nkuloza chimbale. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kuopa kuti mtambo umva mawu ake! Anakankha okha chigwa chonse chija. Pafupi ndi geti msewu umakwera, ndipo pamenepo ankati akakankha pang'ono, nkukankhira mwala ndi phazi kuti utsekere tayala, kupuma, kukankhanso. Mlonda atawaona anasiya geti nkuthamangira, ulendo uno mwadala. Wophika anafika ndi epuloni yake, namwino naye. Mlenje anatulukira pa galimoto yake, anaima, anayang'ana zipangizo zake, zili zii. Akuti anatsika nkunena kuti lamulo limaletsa kukoka, za kukankha silinenapo kanthu, naika phewa kumbuyo.

Ife mkatimo tinkangoona mzere woyera ngati nsalu yochapa. Ine ndinali nditakhala kunsonga kwa mpando, ndikudikira chipeso, ndikudikira kugunda, ndikudikira chilichonse chomwe amuna anu angaganize ali pamsewu. Palibe chinabwera. Kaphiri kanamera, kanakula, ndipo patapita maola, pambali pake panayamba kuoneka kamtunda kena kotsika, kotalika, kopyapyala. Adokotala anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Anatulutsa kampango nkuyamba kupukuta magalasi omwe anali oyera kale, ndipo anapukuta nthawi yaitali. Unali mchira uja.

Nditatuluka dzuwa linali litafiira. Ndinapita kunyumba ndikuyimba mluzu, ndikuti alamu pano ali kutali, mwina ayandikira kwanu. Kuseri kunalibe galimoto, zoona, koma pafumbi panali zachilendo. Pambali pa mizere ya matayala panali mapazi a munthu, okumba pansi, opendekera kutsogolo, ndipo sanathere pakhomo. Ndinawatsata. Patsogolo ndinatola chidendene cha nsapato, ndipo ndinachidziwa, chifukwa nsapatozo ndinazipunthwapo pakhomo panga milungu yonseyi. Ndinabwereka njinga ya namwino.

Ndinawapeza kunja kwa geti, chiphapha chitaima kuseri kwa chikwangwani chomwe anati ncha alendo chija. Anali atagona chagada pa katoni mumthunzi wa galimoto, malaya ali nyowe, phewa litasupuka, namwino atawagwada pambali. Msana unawagwira pa chikweza chomaliza, koma akuti sanasiye mpaka matayala akumbuyo atadutsa chitsulo cha pageti. Atandiona anayesa kudzuka, analephera, ndipo mawu awo oyamba anali ofunsa, monong'ona, ngati mtambo walankhula.

Ndinawauza kuti walankhula. Kenaka ndinawakalipira. Ndinawafunsa chomwe chinawaletsa kunyamuka m'mawa ngati munthu, ndinawafunsa ngati wilibala ndi m'bale wawo, ndinawafunsa kuti inu ndikanakuuzani chiyani akanafera pamsewu. Ndili mkati mokalipa ndinangopezeka ndakhala pafumbi nditagwira chidendene cha nsapato, misozi ikutsika, Mlenje akuona. Ndinakwiya, achemwali, ndipo ndikadali wokwiya, koma palibe munthu anandichitirapo chinthu chotere chibadwire. Iwo anapisa m'thumba movutikira nkundipatsa kiyi, ati ndisunge ine, iwo sadzikhulupirira.

Kalata yachitatu sinabwere. Sabata yathayi bwana anandiitana nkundiuza kuti miyezi yondiyesa yatha, ntchito ndi yanga. Muwauze amayi, koma muwauze atakhala pansi. Adokotala akuti m'zomwe alembe za mchira uja adzathokozamo makaniko wina amene anakhala chete masana onse, ndipo alamu auza kale chigwa chonse kuti alowa m'buku. Ine amene ndinatembenuza chimbale sindikudziwa ngati ndilimo.

Namwino akuti fupa silinathyoke, ndi minofu yokha, koma agone chagada milungu ingapo ndipo asayendetse galimoto. Ndiye tinawabweza m'chigwa pa galimoto ya Mlenje, atagona pakati pa tinyanga. Pabedi panga ndi pawo, ine ndimagona pansi ndi bulangete lanu lija, ndiye mwina munadziwiratu. Anthu amabwera kudzawazonda kuyambira m'mawa, shuga wanga watha, ndipo wophika amabweretsa msuzi wa munthu mmodzi. Chiphapha chili kunja kwa geti, mlonda amachipukuta fumbi tsiku lililonse.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani mudzawatenge. Mukwere basi, mubwere ndi munthu wodziwa kuyendetsa galimoto, mwina mwana wa amalume wamkulu uja ngati anasiya kuthamanga. Mutsikire pageti, foni musiye kwa mlonda, ndipo musanyamule chitsulo cha pageti ngakhale chipepuke bwanji. Mubweretse nsapato zina, zawo zija zinatha ntchito. Mukafika musawakalipire, ndawakalipira kale mokwanira tonse awiri, ndipo ngati pali wina kumeneko amene amawatcha wosokoneza, mumuuze kuti ayambe wakankha galimoto dzuwa lili pamutu. Wowanena ndine ndekha, chifukwa ndi alamu anga.

Koma chonde fulumirani. Panopa akafuna madzi amamenya kapu ndi supuni, ndipo dzulo anandiuza kuti zimenezi zikundivutitsa, iwo aganiza njira yabwino. Anandifunsa ngati m'nyumba muno muli kawaya, kabatire kakang'ono ndi belu la njinga. Ndinawakumbutsa za mtambo, anati asamala, kameneka sikadzamveka nkomwe. Tochi ndaibisa m'thumba la mpunga, wotchi ya pakhoma ndakasungitsa kwa Mlenje, koma mawa ndili pa shifiti tsiku lonse, ndipo manja awo ali bwinobwino.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya ndipo sindinaonde monga adzamvere. Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa achimwene ndi alamu akazi, ndi kwa adzukulu onse a amayi, makamaka kamtsikana kanu kamene kanandilonjeza chithunzi cha chimbale. Alamu akuti ndikupatseni moni, akuti musadandaule, akusamalidwa ngati bwana. Pamenepo sananame.

Ndine mlongo wanu wogona pansi,

Mzime